Mafunso ndi mayankho: zitsulo za amorphous ndi nanocrystalline pa nkhani ya maginito

Mafunso ali m'munsiwa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ana asukulu a engineering, amisiri a magetsi komanso anzathu aja okonza ma inverter a sola, ndiye ndawaika malo amodzi kuti tisamangobwereza zomwezomwezo. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa dala chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Chitsulo cha amorphous nde chiyani, chikusiyana pati ndi chitsulo wamba?

Kusiyana kuli pa kakhalidwe ka maatomu basi. Chitsulo chilichonse chomwe mumachidziwa, kaya khasu, nsomali, ngakhale chitsulo cha mkati mwa thiransifoma, maatomu ake anakhala m'mizere yobwerezabwereza yomwe timati ma crystal, ndipo chitsulo chimodzi chimakhala ndi tinjere ta ma crystal tambirimbiri, kalikonse koyang'ana kwake. Mu amorphous mulibe mizere imeneyi. Ganizirani njerwa zoyalidwa bwino pa uvuni ndi njerwa zomwe lole yangokhuthula pansi, njerwa zake ndi zomwezo, zothinana ndithu, koma uku kuli dongosolo uku kulibe. Galasi la pawindo maatomu ake anakhalanso chonchi, n'chifukwa chake mumamva ena akuti metallic glass, koma musayembekezere kuona mkati, chimaoneka ngati chitsulo chonyezimira wamba.

Amachipanga bwanji, ndipo anayamba ndani?

Chinsinsi ndi kuziziritsa mwachangu kwambiri. Chitsulo chikasungunuka maatomu amakhala osokonekera kale, ndiye mukachiziziritsa pang'onopang'ono amapeza mpata wofola m'mizere, koma mukachiziziritsa ndi liwiro la madigiri pafupifupi miliyoni imodzi pa sekondi amauma pomwe ali asanapeze malo awo. Anayamba kuonetsa zimenezi ndi Pol Duwez ndi ophunzira ake ku Caltech ku America mu 1960, iwo anagwiritsa ntchito golide wosakaniza ndi silicon, timapepala ting'onoting'ono topanda ntchito kwenikweni. Mu 1967 gulu lomweli linapanga cha iron, phosphorus ndi carbon n'kupeza kuti chikukoka maginito bwinobwino, zomwe ambiri sankayembekezera, ngakhale kuti katswiri wa ku Soviet Union, Gubanov, anali atalosera kale mu 1960 kuti maginito safuna mizere ya maatomu kuti akhalepo.

Ku fakitale masiku ano amathira chitsulo chosungunuka kudzera pa kampata kopyapyala pa gudumu la kopa lomwe likuzungulira mothamanga, mamita 20 mpaka 30 pa sekondi, ndipo chimachoka pa gudumupo chili riboni yaitali yochindikala pafupifupi 0.025 mm, kupyapyala kuposa tsitsi. Kampani ya Allied Chemical ndi yomwe inafikitsa zimenezi pa msika m'ma 1970 ndi dzina loti Metglas, fakitale yake ili ku Conway, South Carolina, ndipo mu 2003 inagulidwa ndi Hitachi Metals ya ku Japan yomwe pano ikutchedwa Proterial. Iron payekha salola kuuma osafola, amamuthira boron ndi silicon, mwa maatomu 100 aliwonse pafupifupi 20 amakhala amenewa.

Nanga kusokonekera kwa maatomu kukuthandiza bwanji pa maginito? Ine ndimaona ngati dongosolo ndiye labwino

Apa mumvetsetse. Pali maginito a mitundu iwiri, ouma mtima aja osunga mphamvu yawo mpaka kale ngati a mu sipika, ndi ofewa omwe amalandira maginito koyilo ikayaka n'kuwataya ikazima. Mkati mwa thiransifoma timafuna ofewa, chifukwa magetsi athu a 50 Hz amatembenuza maginito a chitsulocho uku ndi uku ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo kukana kulikonse komwe chitsulo chingachite pa kutembenukako kumasanduka kutentha, ndiye kuti magetsi otayika.

Tsono crystal ya iron ili ndi mbali zomwe imakonda kuti maginito aloze, kuwalozetsa kwina pamafunika mphamvu. Komanso mkati mwa chitsulo muli timadera, ma domain, tomwe malire ake amayenera kuyenda maginito akamatembenuka, ndipo malire amenewa amakodwa pomwe tinjere takumana, pa zinyalala za mkati, pa ming'alu ing'onoing'ono. Mu amorphous mulibe tinjere, mulibe malire a tinjere, mulibenso mbali yokondedwa ya crystal, ndiye ma domain amangoyenda mosavuta. Ichi ndi choyamba.

Chachiwiri ndi ma eddy current, timagetsi tozungulirazungulira tomwe timabadwa mkati mwa chitsulo chenichenicho maginito akamasintha. Maatomu osokonekera amavutitsa ma electron kudutsa, resistivity, mulingo wa mmene chinthu chimakanira magetsi, ya amorphous ya iron ili cha m'ma 130 micro-ohm cm pomwe ya silicon steel, chitsulo chanthawi zonse cha mu thiransifoma, ili cha m'ma 45 mpaka 50, kenako onjezerani kupyapyala kuja, riboni ya 0.025 mm kuyerekeza ndi malata a silicon steel a 0.23 mpaka 0.35 mm. Kutayika kwa eddy kumayenda ndi kuchindikala kuchulukitsa ndi kuchindikala komweko, mukapyapyalitsa ka 10 kumatsika ka 100. Mfundo iyi muisunge, tiifunanso pa funso la bulk, amorphous yochindikala.

Pa thiransifoma phindu lake limafika pati?

Magetsi otayika mu chitsulo chamkati amatsika ndi 60 mpaka 70 peresenti kuyerekeza ndi silicon steel yanthawi zonse. Ndipo dziwani kuti kutayika kumeneku sikuona kuti anthu akuphika kapena agona, thiransifoma ya pa pholo ikangolumikizidwa imadya gawo lake usana ndi usiku, maola 8,760 pa chaka ngati magetsi sanazime. N'chifukwa chake amorphous imapindula kwambiri kumadera akumidzi komwe thiransifoma imakhala maola ambiri ili ndi katundu wochepa, masana anthu ali kumunda, madzulo okha ndi pomwe mababu ayaka. China ndi India ndi maiko omwe anaika ambiri a mtundu umenewu.

Ngati ndi chabwino chonchi bwanji sichinalande msika wonse?

Chifukwa chili ndi zovuta zake, ndipo ogulitsa sakonda kuzitchula. Chachikulu ndi choti chimakhuta msanga. Chitsulo chilichonse chili ndi malire a maginito omwe chingasenze, iron weniweni amafika 2.15 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), silicon steel pafupifupi 2.0, koma Metglas 2605SA1 yotchuka ija imathera pa 1.56, chifukwa boron ndi silicon aja atenga malo a iron koma iwo alibe maginito. Ndiye opanga amaiyendetsa cha m'ma 1.3 mpaka 1.4 tesla pomwe silicon steel imayenda pa 1.7, zotsatira zake chitsulo chamkati chimakula, waya wa kopa wozungulira amatalika, thanki imakula, mafuta amachuluka, mtengo wogulira umakwera. Onjezeraninso kuti timariboni topyapyala sitithinana bwino, pakati pamatsala mpata wambiri kuposa pa malata.

Kenako kuuma. Riboni imeneyi ndi yolimba moti imabunthitsa zodulira msanga, simungaidinde mosavuta ngati mmene amadindira malata a mota, ndipo ikawotchedwa pa 350 mpaka 400 °C kuti ichotse kukanika kwa mkati, zomwe zimayenera kuchitika kuti maginito ake akhale bwino, imakhala yophwanyika, tizidutswa timanyotsoka m'mbali. Ku America boma linafuna kukhwimitsa malamulo mu 2023 moti ma thiransifoma ambiri akanasamukira ku amorphous, opanga zitsulo ndi makampani a magetsi anakana kwambiri, lamulo lomaliza la 2024 linasiya malo aakulu kwa silicon steel. Silicon steel ya tinjere toloza mbali imodzi, yomwe Norman Goss anayambitsa m'ma 1930, si yogonja wamba ayi.

Ndi zoona kuti thiransifoma ya amorphous imalira kwambiri?

Eya, nthawi zambiri. Chitsulo chikalowa maginito chimatalika pang'ono kwambiri, amorphous ya iron imatalika magawo pafupifupi 27 pa miliyoni, ndipo popeza chimatalika kaya maginito aloza uku kapena uko, pa 50 Hz chimanjenjemera ka 100 pa sekondi, ndi kung'ung'udza kuja mumamva pansi pa pholo. Khalidwe lomweli limapangitsa kuti mukachipana kapena kuchipinda maginito ake amaonongeka, ndiye sichifuna kumangidwa mothinitsa ndi mabawuti.

Ndiye nanocrystalline ikubwera pati? Si ma crystal omwe mwati ndi oipa aja?

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. Mu 1988 Yoshizawa, Oguma ndi Yamauchi a ku Hitachi Metals anatenga riboni ya amorphous ya iron, silicon ndi boron, anathiramo kopa pang'ono ndi niobium pang'ono, mwa maatomu 100 iron 73.5, silicon 13.5, boron 9, niobium 3, kopa 1, kenako anaiwotcha dala cha m'ma 550 °C kwa ola limodzi kuti ma crystal abadwe. Aliyense ankadziwa kuti kuwotcha amorphous mpaka kubala ma crystal ndi kuiononga. Koma iyi inatuluka yofewa kuposa mmene inalili, anaitcha Finemet.

Chimachitika ndi ichi, kopa sagwirizana ndi iron ndiye amadzipatula m'timagulu ting'onoting'ono paliponse, ndipo pa kagulu kalikonse pamayamba kanjere ka iron ndi silicon, tinjere tambiri nthawi imodzi. Niobium ndi atomu yaikulu yoyenda mochedwa, kanjere kakamakula kamaikankhira kunja, iyo imaunjikana m'mbali n'kutsekereza kuti kasakulenso. Mapeto ake mumakhala ndi tinjere ta ma nanomita 10 mpaka 15, n'chifukwa chake timati nanocrystalline, ndiye kuti mu milimita imodzi mungafole tinjere pafupifupi 100,000, todzaza magawo 70 mpaka 80 pa 100 a chitsulo, totsala pakati pake ndi amorphous yomwe ija. Bonasi yake, tinjereti timafupika tikalowa maginito pomwe amorphous yapakati imatalika, ziwirizi zimafafanizana ndipo kunjenjemera kuja kumatsala pang'ono kutheratu.

Koma bwanji tinjere ting'onoting'ono tikufewetsa? Kusukulu anatiuza kuti tinjere tikachepa chitsulo chimakanika

Aphunzitsi anu sananame, pa tinjere takuluakulu zili choncho, mukachepetsa tinjere malire amachuluka ndipo coercivity, mphamvu yofunika kufufuta maginito otsalira, imakwera. Koma lamuloli limatembenuka mukatsika pansi pa ma nanomita 40 kapena kuyandikira pamenepo. Anafotokoza bwino ndi Giselher Herzer wa ku Vacuumschmelze ku Hanau, Germany, cha m'ma 1989 ndi 1990. Maatomu a iron oyandikana amakakamizana kuloza mbali imodzi, ndipo kukakamizanaku kumafika mtunda wa ma nanomita 35 mpaka 40 mu chitsulo chimenechi. Kanjere kakakhala kakang'ono kuposa mtunda umenewu sikangathenso kukokera maginito ku mbali yake yokondedwa, maginito amamva tinjere tambiri nthawi imodzi, aka kakukokera uku ako kakukokera uko, zonse zimafafanizana n'kutsala pafupifupi zero.

Herzer anaonetsa kuti m'dera limeneli coercivity imayenda ndi kukula kwa kanjere kuchulukitsa kokha ka 6. Mukachepetsa kanjere ndi theka coercivity imatsika ka 64. Finemet yowotchedwa bwino coercivity yake ili cha m'ma 1 ampere pa mita kapena kutsika, pomwe maginito a dziko lapansi omwe amatembenuza kampasi ali ma ampere makumi angapo pa mita, taganizani. Koma lamulo lomweli limaluma mbali inayo, mukapitiriza moto kudutsa 600 °C tinjere timakula, ma boride, iron wogwirana ndi boron, amabadwa, coercivity imalumpha ka mazanamazana ndipo core yonse, chitsulo chamkati chija, yatayika, palibe kubweza.

Vuto la Finemet ndi lomwe lija, imakhuta pa 1.2 tesla basi. Ena anayesa kukweza, Nanoperm ya iron, zirconium ndi boron ya gulu la Suzuki, Makino, Inoue ndi Masumoto kumayambiriro kwa ma 1990 inafika 1.5 mpaka 1.7, Hitperm ya ku Carnegie Mellon mu 1998 inathira cobalt kuti ipirire kutentha, ndipo Nanomet ya Makino ku Tohoku inadutsa 1.8, koma mukachulukitsa iron kupanga kwake kumavuta, ina imafuna kuwotcha mothamanga kwambiri kuti tinjere tisakule.

Nanga bulk bwanji? Zingatheke kupanga ndodo kapena chigumu chochindikala, osati riboni?

Zimatheka koma mumalipira. Vuto ndi kutentha kwa pakati, kunja kwa ndodo kumakhudza chikombole cha kopa n'kuzizira msanga koma pakati kutentha kumachedwa kutuluka, maatomu amapeza nthawi yofola. Ndiye njira ndi kupeza msakanizo waulesi, woti olo muziziritse pang'onopang'ono maatomu asokonezane okhaokha osapeza mizere. Akihisa Inoue wa ku Tohoku University ku Sendai anapereka malamulo atatu ochokera m'zoyesa zake, pakhale ma element atatu kapena kuposa, kukula kwa maatomu ake kusiyane ndi 12 peresenti kapena kuposa, ndipo akhale okondana kusakanikirana. Pa zirconium zinayenda bwino kwambiri, Vitreloy ya Peker ndi Johnson ku Caltech mu 1993 inkatuluka yochindikala masentimita, koma imeneyo ilibe maginito.

Ya iron yokoka maginito inabwera mu 1995 kwa Inoue yemweyo, iron ndi aluminium, gallium, phosphorus, carbon ndi boron, ndodo ya 1 mm basi. Patapita zaka pafupifupi khumi msakanizo wa iron, cobalt, boron, silicon ndi niobium unafika cha m'ma 5 mm. Mu 2004 magulu awiri a ku America, University of Virginia ndi Oak Ridge, anafika 12 mm pothira chromium, molybdenum ndi yttrium kapena erbium pang'ono, anthu anasangalala n'kumati amorphous steel yafika, koma ndodo zimenezo pa kutentha kwa m'nyumba sizikoka maginito n'komwe. Mwaona mmene zikuyendera eti? Chilichonse chomwe mwathira kuti ndodo ichindikale chikuchotsa iron, ndipo chromium ndi molybdenum sizingotenga malo chabe, zimafooketsanso maginito a iron wotsalayo ndi kutsitsa Curie temperature, kutentha komwe chitsulo chimasiya kukoka maginito. Ndodo zambiri zochindikala mamilimita angapo zimakhuta pansi pa riboni wamba. Zimafunanso zipangizo zoyera kwambiri, oxygen pang'ono chabe amayambitsa ma crystal, pomwe riboni imalola ferroboron, msakanizo wa iron ndi boron, wa ku fakitale wotchipa.

Ine maganizo anga, ofufuza ena anathera nthawi yambiri akupikisana kuti ndani wapanga ndodo yonenepa, ngati kunenepako ndiye cholinga.

Olo atapanga yochindikala yamaginito amphamvu, ingalowe mu thiransifoma?

Ayi, ndipo ambiri amaiwala pamenepa. Werengerani nokha, mbale ya 1 mm ndi yochindikala ka 40 kuposa riboni ya 0.025 mm, ndiye eddy yake pa frequency yomweyo ikwera ka 40 kuchulukitsa 40, ka 1,600. Phindu lonse lija lapita. Kupyapyala kwa riboni komwe kunayamba ngati chilema cha kapangidwe ndi theka la ubwino wake. Bulk ili ndi malo ake pomwe maginito sasintha mothamanga kapena pomwe mukufuna kachipangizo kakang'ono ka maonekedwe ovuta kotuluka m'chikombole kamodzi n'kamodzi, ma sensor, timbali ta ma actuator, zotchinga maginito, komanso pomwe kulimba kukufunika, poti zina mwa ndodozi zimapirira kupanikizidwa ma megapascal 3,000 mpaka 4,000, kungoti zikafika pothyoka zimangoti phwa osapindika kaye.

Ndamva zoti amapanga kuchokera ku ufa, zimenezo zili bwanji?

Njira imeneyo ndi yomwe yapita patsogolo pa malonda. Amapopera chitsulo chosungunuka ndi mpweya kapena madzi kukhala timadontho, kadontho kakang'ono kamazizira msanga ndiye kamauma kali amorphous, kapena amapera riboni kukhala ufa. Ufawo akaukuta ndi zotchinga magetsi n'kuudinda mumapeza powder core, eddy imatsekeredwa mkati mwa kambewu kalikonse, yabwino pa ma inductor a frequency yokwera, koma permeability, mulingo wa mmene chitsulo chimalandirira maginito mosavuta, imagwa kufika makumi kapena mazana ochepa pomwe riboni ya nanocrystalline imafika 100,000, chifukwa mipata ya pakati pa ufa imadula njira ya maginito.

Ofuna chigumu chothinana chenicheni amagwiritsa ntchito hot pressing kapena spark plasma sintering, kudinda uku akudutsitsa magetsi ambiri kwa mphindi zochepa. Mpata wake ndi wopapatiza, moto ukachepa ufa sugwirana mumatsala mabowo, ukachuluka tinjere timakula ndipo lamulo la ka 6 lija likukudikirani. Ufa wopera mu ball mill, makina opera ndi timipira tolimba, umakhala ndi tinjere ta ma nanomita 10 ndithu koma coercivity yake imakhalabe yokwera, chifukwa kumenyedwa kuja kumasiya kukanika kwambiri mkati, umboni woti kuchepa kwa tinjere pakokha sikokwanira. Ena pano akuyesa 3D printing ya laser, kadontho kalikonse kamazizira msanga koma mzere wotsatira umatenthetsanso wapansi n'kubala ma crystal, komanso ming'alu imavuta.

Ine munthu wamba ndingachione kuti chitsulo chimenechi?

Mwina munachigwirapo kale. Ka pulasitiki koyera kotalika kaja amamata pa mafuta odzola kapena mabatire m'masitolo akuluakulu, kamene kamalizitsa alamu pakhomo, mukakang'amba mupeza timariboni tonyezimira, tina mwa ito ndi amorphous todulidwa kuti tinjenjemere pa 58 kHz. Apa kutalika kuja komwe kumasowetsa mtendere mu thiransifoma ndiye kukugwira ntchito. Ka riboni kolimba komwe kali pambali pake ndi kamaginito, pa till akamakhudzitsa katundu pa mbale ija amakafufuta ndipo kunjenjemera kumasiya kugwirizana ndi makina a pakhomo.

Nanocrystalline muipeza mu ma inverter a sola, ma charger a galimoto zamagetsi, ma drive a mota, ngati mphete yokutidwa ndi pulasitiki yozunguliridwa ndi waya kuchotsa phokoso la magetsi, komanso mu ma earth leakage breaker ena ndi ma current transformer oyezera. Vitroperm ndi dzina la nanocrystalline ya Vacuumschmelze. Imapambana ferrite, mphete zakuda zooneka ngati dothi lowotcha zomwe zimagwira ntchito yomweyo, chifukwa ferrite imakhuta cha m'ma 0.4 mpaka 0.5 tesla ndipo ikatentha imafooka msanga.

Ndine wokonza zamagetsi, ndingadule, kuwotcherera kapena kuchotsa mphete ija m'chikuto chake?

Musayerekeze. Chikuto cha pulasitiki chija si chokongoletsa, chimateteza riboni yowotchedwa yomwe imaphwanyika ngati chikoko cha dzira komanso chimaletsa waya kuipana. Mukaigwetsa pansi kapena kuimanga mothinitsa inductance imatsika olo kunja ikuoneka bwino. Welding ndiye imfa yake, pomwe pafika moto pamabadwa ma crystal akuluakulu, Metglas ya thiransifoma imayamba kubala ma crystal cha m'ma 510 °C. Tizidutswa take ndi takuthwa, samalani maso ndi zala. Ndipo mukamasintha musaike ferrite ya kukula komweko n'kumati zafanana, muyeze inductance kaye.

Kodi maginito amphamvu a neodymium nawonso ndi nanocrystalline? Ndipo miyala ya kwathu ikukhudzidwa?

Ena mwa iwo eya. Cha m'ma 1983 ndi 1984 njira ziwiri zopangira maginitowa zinalengezedwa, ya Masato Sagawa ku Sumitomo youmba ufa pamoto, ndi ya John Croat ku General Motors yogwiritsa ntchito gudumu lozungulira lomwe lija, yomwe imatulutsa tinjere ta ma nanomita makumi angapo. Koma kumeneko tinjere tating'ono timaumitsa m'malo mofewetsa, chifukwa crystal ya neodymium, iron ndi boron imakakamira mbali yake mwamphamvu kwambiri moti mtunda wokakamizana uja ndi ma nanomita ochepa chabe, tinjere timakhalabe takulu kuposa mtundawo ndipo kufafanizana kwa Herzer sikuchitika.

Za miyala, niobium wa mu Finemet pafupifupi 90 peresenti ya dziko lonse amachokera ku Brazil, makamaka mgodi wa ku Araxá, ndipo Malawi ali ndi niobium ku Kanyika m'boma la Mzimba, pomwe neodymium ali m'miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe. Kungoti msika waukulu wa niobium si maginito ayi, wambiri amathira mu zitsulo za mapaipi, milatho ndi galimoto, wa mu ma core ndi kagawo kakang'ono, maatomu atatu pa 100 mu riboni yopyapyala kuposa tsitsi.